Utomoni wa phenolic ndi wabwino, vuto ndi wogulitsa

Ndapereka nyenyezi zitatu. Ziwiri ndachotsazo ndi za bambo wogulitsa uja.

Ndinaitanitsa chitini cha resole, mtundu wamadzimadzi wa utomoni wa phenolic wopaka pa nsalu, kuti ndipangire chotchinga moto cha nsalu ya galasi pafupi ndi paipi ya utsi ya injini. Pa mtengo womwe ndinalipira munthu umayembekeza katundu wosamalidwa. Ndikutsegula, utomoni uli gwa ngati phula, burashi osalowa. Resole amaupanga ndi mankhwala awiri, formaldehyde wochuluka kuposa phenol, ndiye ukakhala pofunda umayamba kulimba wokha, n'chifukwa chake umasungidwa mufiriji. Nditaimba foni, bambowo anangoti ndi chimodzimodzi utomoni wina uja wa epoxy, ndingopaka basi. Chimodzimodzi epoxy! Munthu kugulitsa chinthu osachidziwa n'komwe.

Ine kupusa, ndinawamvera. Ndinakakamiza kupaka, n'kuponya mu uvuni pa madigiri 150 nthawi imodzi. Chomwe chinatuluka, abale, matuza okhaokha. Nsalu zinalekana, kukanikiza ndi chala kumangoti phwa. Phenolic akamalimba amatulutsa madzi, ndipo nthunziyo ikasowa potulukira imatupitsa chilichonse. Nsalu yonse ija inapita kudzala, tsiku lathunthu osaphula kanthu, nyumba yogwiriramo ntchito ili fungo lolasa m'maso.

Chitini chachiwiri ndinagula kwina, chamadzimadzi bwinobwino. Ulendo uno ndinapana ntchitoyo pakati pa zitsulo ziwiri, ndinayamba pa madigiri 80 kwa maola angapo, kenako n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka 150. Chinatuluka chofiira moderako, chosalala, kugogoda kumalira ngati mbale.

Mtima unatsika pomwe ndinachiyesa ndi moto wa gasi. Ndinaika pambali kachidutswa ka epoxy: kanayaka, utsi wakuda bii. Phenolic uja anangoda pamwamba, n'kupanga chikhungwa cha makala chotchinjiriza zamkati, utsi wochepa zedi. Kuchotsa lawi, moto zii. Apa m'pomwe ndinamvetsa chifukwa chake pulasitiki wa phenolic, chinthu chomwe wasayansi Leo Baekeland anapanga mu 1907, chikugwirabe ntchito m'mabuleki a galimoto ndi m'kati mwa ndege.

Koma n'chophweka kusweka. Poboola mabowo a mabawuti, m'mphepete munabenthuka kawiri, ndiye boolani mosathamanga. Musanalipire funsani tsiku lomwe unapangidwa. Ngati simuugwiritsa ntchito msanga, tengani phenolic wa mtundu wina, novolac waufa, umakhalitsa, kungoti umafuna mankhwala a hexamine kuti ulimbe.

Ndalama ya chitini choyamba chija sanandibwezere mpaka lero, ndipo foni sakuyankhanso.