Paki ya Kasungu: ulendo wa tsiku limodzi ku Lifupa ndi woyenera ndalama zanu, bola mulawire

Anthu ambiri a pa boma la Kasungu amaidziwa paki chifukwa cha nkhani za njovu zodya chimanga, koma sanalowepo pageti ngakhale kamodzi. Chonsecho malowa ali pakhomo pathu, kumadzulo kwa tauni mpaka kukagunda malire a Zambia. Ndi paki yachiwiri kukula m'Malawi muno, yoposedwa ndi Nyika yokha, ndipo malo ake amapitirira masikweya kilomita 2,000. Idakhazikitsidwa kukhala paki mu 1970. Chiweruzo chathu ndi ichi: ulendowu ndi wabwino kwambiri kwa banja, sukulu kapena gulu la kumpingo, koma umakoma kwa okhawo amene akonzekera. Wopita masana dzuwa lili paliwombo, pa galimoto yotsika, akuyembekeza kuona nyama ngati ng'ombe za kudibi, amabwerako akudandaula kuti wangoona mitengo.

Chifukwa chake chili m'nkhalango momwemo. Kasungu si chigwa chapoyera ngati m'mbali mwa Shire ku Liwonde. Ndi nkhalango ya miombo, mitondo ndi misuku, yodulidwadulidwa ndi madambo. M'mitengo yotere mphalapala ikhoza kuima mamita 30 kuchokera pamsewu inu osaiona. Nyama zimaonekera pamene pali madzi ndi msipu, ndiye kuti m'madambo ndi pa damu la Lifupa. Choncho miyezi yabwino ndi kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba ya Novembala, pamene zithaphwi zam'tchire zauma, udzu wapsa, ndipo pa lupsa payamba kuphuka msipu wanthete. Nthawi imeneyi miombo imatulutsanso masamba atsopano ofiirira, moti ngakhale nyama zitavuta, maso sasowa chodya. Meyi ndi Juni kunja kumazizira bwino, koma udzu umakhala wautali kuposa munthu. Januwale mpaka Malichi musayese pokhapokha muli ndi galimoto yokoka mateyala onse anayi, chifukwa dothi lakuda la m'madambo likanyowa limagwira ngati ulimbo.

Nyamukani pa boma 5 koloko m'mawa. Kukafika pageti la Lisitu ndi mtunda wosapitirira makilomita 40, ndipo kuchoka pamenepo kukafika ku Lifupa mumayendanso pang'ono mkati mwa paki, kotero kuti ulendo wonse umapitirira makilomita 50. Mukawerengera kupita, kubwera ndi kuzungulira mkatimo, thirani mafuta a makilomita osachepera 170, ndipo thirirani m'tauni chifukwa kutsogoloku kulibe filing'i siteshoni. Pageti pamalipiridwa munthu aliyense, galimoto payokha. Amalawi amalipira zochepa kusiyana ndi alendo akunja, ndiye chitupa cha unzika chisatsale. Tengani ndalama zapamanja, musadalire za pafoni, popeza netiweki imaduladula.

Galimoto ikhale yokwera pansi. Pikapu kapena minibasi yamphamvu imayenda bwino nthawi yachilimwe. Timagalimoto totsika timakhula pamimba pa mzere wapakati pa msewu, pamene pamamera udzu ndi timitsitsi. Teyala lapadera likhale ndi mpweya, jeke ndi sipanala zikhale zoti mwaziyesa dzulo lake. Vuto lina limene anthu saliganizira ndi njere za udzu: mukadutsa njira zowirira udzu, njerezo zimatseka rediyeta, injini nkuyamba kutentha. Imani pamalo apoyera, zimitsani, dikirani izizire, kenako chotsani njerezo ndi kaburashi. Musatsegule chitsekero cha rediyeta injini ili yamoto. Njinga yamoto ya kabaza si yopitira kumeneku. Njovu ikatseka njira, mulibe pobisala.

Chokoma chenicheni cha paki imeneyi ndi Lifupa. Damuli lili ndi mvuu zimene mumazimva musanazione, ndipo nkhwazi zimalira m'mitengo ya m'mphepete. Khalani pansi, musathamangire kuzungulira. Maola awiri a m'mawa, kapena kuyambira 4 koloko madzulo, amakuonetsani zambiri kuposa kuyendetsa galimoto tsiku lonse. Kumabwera nswala, njiri, mbawala, anyani, ndipo m'miyezi yotentha njovu zimatsika kudzamwa, nthawi zina gulu lonse ndi ana omwe. Pa malo amenewa pali loji ndi pomanga matenti. Ofuna kugona alankhule ndi a pa loji masiku angapo ulendo usanafike, afunsiretu za chakudya, madzi ndi magetsi, ndipo atenge tochi. Usiku mvuu zimatuluka kukadya udzu kumtunda, zimabwerera mbandakucha kudzera m'tinjira tawo todziwika ndi mizere iwiri ya mapazi. Musaime pakati pa mvuu ndi madzi, ndipo ana asasewere m'mphepete mwa damu.

Za njovu tikhalitsepo, chifukwa ndi zimene zasintha pakiyi. M'zaka za m'ma 1970 munali njovu zoposa 1,000. Opha nyama mozemba adazitha mpaka pofika 2015 zidatsala pafupifupi 50. Mu 2022 nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, mothandizana ndi mabungwe oteteza nyama a IFAW ndi African Parks, idasamutsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde, pamodzi ndi nyama zina 431, kuphatikizapo njati, nswala, mphalapala ndi njiri. Kwa mlendo, mwayi woona njovu wakula kwambiri. Kwa alimi a m'malire, monga a kwa Chulu, nkhaniyi ili ndi misozi yake: minda yawonongeka ndipo anthu ena ataya miyoyo. Mpanda wamagetsi wa mbali ya kum'mawa ndi wofunika kwa iwo kuposa kwa ife oyenda, ndipo wolowa m'paki ndi bwino azikumbukira zimenezi akamalankhula ndi anthu a m'midzi yapanjira.

Mukakumana ndi njovu pamsewu, imani patali, mamita 50 kapena kuposa, pamalo poti mukhoza kubwerera chambuyo. Osaliza hutala, osatuluka, osaimirira kumbuyo kwa pikapu. Ikatambasula makutu, kupukusa mutu ndi kuponya fumbi, ikukuuzani kuti mwayandikitsa, bwererani pang'onopang'ono. Yoopsa kwambiri ndi yaikazi yokhala ndi mwana, komanso yamphongo imene ikuchucha madzi m'mbali mwa mutu ndi kudontha mkodzo m'miyendo. Imeneyo ipatseni njira yonse, ngakhale mudikire theka la ola. Cholakwa chimene madalaivala amachita kawirikawiri ndi kulowa pakati pa gulu limene likuwoloka msewu, poganiza kuti zatha, pamene zina zikadali m'tchire.

Ntchito imene tikuyamikira koposa ndi ya asilikali a paki operekeza alendo. Pemphani mmodzi ku ofesi, mulipire, akwere nanu. Iwo amadziwa dambo limene njati zagona, amawerenga ndowe ndi mapazi, ndipo ndi okhawo angakutengeni wapansi mosaika moyo pachiswe. Popanda iwo simudzapeza zinthu zimene pakiyi imaposera ena: zojambula zakale za pamiyala ku Solonje, ng'anjo zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo, ndi malo amene panali midzi ya malinga. Kwa ana asukulu izi ndi phunziro la mbiri loti akhudze ndi maso. Zojambulazo musazikhudze ndi manja kapena kuzithira madzi kuti ziwale pa chithunzi, utoto wake umafufutika. Kukwera phiri lamwala lotchedwa Black Rock madzulo nkosavuta kwa munthu wathanzi, ndipo pamwamba pake mumaona nkhalango itayala mpaka kumene maso alekezera. Valani nsapato zotseka zogwira pamwala, osati masilipasi. Funsaninso za njuchi ndi matondo, mbozi zodyedwa zija: kuyambira cha m'ma 1990 anthu ozungulira akhala akuloledwa kupachika ming'oma ndi kutola matondo m'paki mwa chilolezo, ndipo asilikaliwa amaifotokoza bwino nkhani imeneyi.

Chosakoma chachikulu ndi kashembe. Ntchentche zimenezi zimatsata galimoto yoyenda, zimakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, ndipo zimaluma kupyola malaya opyapyala. Valani zotuwa kapena zakhaki, zamanja aatali, zansalu yokhuthala. Podutsa m'nkhalango yowirira tsekani mawindo, mutsegule mukafika poyera. Zambiri zimangosiya ululu ndi kuyabwa, koma zina zimafalitsa matenda a kaodzera. Mukaona chotupa chowawa pamene munalumidwa, kapena kutentha thupi ndi mutu patapita sabata imodzi mpaka masabata atatu, pitani kuchipatala ndipo muwauze adokotala kuti munali ku paki, makamaka ngati akuyezani malungo osawapeza. Matendawa amachizika akadziwika msanga.

Zina zofooka ndi zazing'ono koma zimatopetsa. Zikwangwani za m'njira zamkati ndi zochepa, ndipo mphambano zambiri zimafanana, moti osochera amakhala amene akana woperekeza. Njovu zimagwetsera mitengo pamsewu, choncho chikwanje ndi chingwe chokokera zimathandiza. Mkango musauyembekezere. Afisi ndi anyalugwe alimo, koma amayenda usiku, ndipo ambiri amangoona mapazi awo m'mawa pamchenga.

Kamba mutenge wokwanira tsiku lonse, ndi madzi akumwa malita atatu pa munthu aliyense, anayi mu Okutobala. Zinyalala zonse zibwerere nanu, ndipo anyani musawaponyere chakudya chifukwa akazolowera amayamba kulanda m'manja mwa ana. Gulu la sukulu ligawidwe m'magalimoto awiri ngati nkotheka, kuti ina ikafa ina ikaitane thandizo, ndipo aphunzitsi awauziretu ana kuti phokoso limathamangitsa nyama galimoto isanafike. Liwiro labwino loonera nyama ndi makilomita 20 mpaka 25 pa ola. Amene sakugona konko anyamuke ku Lifupa nthawi yoti akafike pageti dzuwa lisanalowe, ndipo asiye mphindi 30 zapadera za njovu zimene zingatseke njira.