Memori ya mfumu yaifupi yomwe ndinabenetsa pa Ngabu

Ndine mlonda pa shedi ina ya thonje kufupi ndi Ngabu. Usiku wa mwezi wa Okutobala kuchigwa kuno kumatentha ngati m'uvuni wa njerwa, udzudzu uli m'khutu, ndiye chomwe chimandisunga maso n'kawayilesi ka sola kolowa memori. Nyimbo za kwaya zomwe zinalimo ndinaziloweza mpaka pamene woimba amakokera mpweya. N'chifukwa chake mwezi wathawu ndinalowa mu shopu ina yobenera nyimbo, kuseri kwa msika, kukafuna china.

Mnyamata wa pashopupo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ulendo waufupi ndithu pakuti ine sindinatalike, n'kunena kuti, "Madala, yanu ilipo. Mfumu yake msinkhu ndi inuyo." Ndinatsala pang'ono kutuluka. Koma anafotokoza kuti ndi nkhani za mbiri yakale zomwe mphunzitsi wina wopuma pantchito amajambula yekha m'Chichewa n'kumasiya pamenepo. Ndinalipira K2,500, memori inali yanga kale, ndi K300 ya pepala lafotokope lokhala ndi mayina ndi zaka. Pepalalo musalisiye. Popanda ilo simungadziwe kuti L wodulidwa ndi kamzere amatchulidwa ngati W, ndipo ine sindikanalemba dzina ndi limodzi lomwe pano.

Zigawo n'zisanu ndi chimodzi, chilichonse pafupifupi theka la ola. Mfumu yake ndi Władysław wa ku Poland, amene akwawo anamutcha Łokietek. Aphunzitsiwo akuti dzinali likuchokera ku mawu otanthauza chigongono, omwenso anali muyeso, monga agogo athu ankagulira nsalu pa mikono. Ndiye iwo akungomutchula kuti Kamkono mpaka kumapeto. Ndinaseka ndekha mumdima mpaka galu wa pashedi anadzuka.

Luso la bambo amenewa lili pa kufotokoza zinthu zakutali ndi zomwe tikuziona. Akuti mu 1138 wolamulira Poland, Bolesław Krzywousty, pomwalira anagawira ana ake dziko, ana aja n'kugawiranso ana awo, monga dimba la m'mbali mwa Shire lomwe kale linali la munthu mmodzi lero lasanduka timizere ta zidzukulu zokangana malire. Kamkono anabadwa cha m'ma 1260 dziko lili zidutswazidutswa, ndipo kake kanali kachigawo ka Kujawy, likulu lake pa Brześć. Anali kalonga wamng'ono pakati pa akalonga ambiri, onse akulozera maso ku mzinda wa Kraków. Mmodzi mwa akalongawo, Przemysł II, atavala chisoti chaufumu mu 1295 anaphedwa chaka chotsatira. Mu 1300 Wacław II wa ku Bohemia ndiye anadzozedwa ku Gniezno kukhala mfumu ya Poland, Kamkono n'kuthawa m'dziko wopanda ndi khasu lomwe.

Pali nthano yoti pothawa adani anabisala m'phanga la ku Ojców, kangaude n'kuluka ukonde pakhomo, omufunafuna n'kudutsa poganiza kuti mulibe munthu. Chomwe ndinawakondera aphunzitsiwa n'choti akunena poyera kuti iyi ndi nthano chabe. Zoona zake n'zoti anabwerera mu 1304 ndi asilikali a ku Hungary, Wacław II anamwalira mu 1305, mwana wake Wacław III anaphedwa ku Olomouc mu 1306, ndipo chaka chomwecho Kamkono analowa mu Kraków. Mwayi unamuthandiza, inde, koma unamupeza ali kale pakhomo.

Chigawo chachitatu ndachimva kasanu, mwina chifukwa cha ntchito yangayi. Mu 1308 asilikali a ku Brandenburg, dera la Ajeremani, anazinga Gdańsk, mzinda wa pomwe mtsinje wa Vistula umathira m'nyanja. Kamkono analibe mphamvu zokawathamangitsa, ndiye anthu ake anaitana gulu la ankhondo achipembedzo achijeremani lotchedwa Teutonic Knights, ovala mikanjo yoyera ya mtanda wakuda. Aphunzitsiwo akuwatcha Amitanda. Anabwera, anathamangitsadi adaniwo, kenako anatembenukira eni mzinda, n'kupha anthu mwezi wa Novembala, ndipo pofika 1309 dera lonse la m'mbali mwa nyanja linali m'manja mwawo. Fisi anapatsidwa ulonda wa khola la mbuzi. Ife amene Shire wathu amakathira mu Zambezi m'dziko la eni tikudziwa kuwawa kwa kukhala ndi mtsinje koma khomo la kunyanja lili ndi wina. Mlandu unapita ku bwalo la oweruza otumidwa ndi Papa, lomwe mu 1321 linalamula kuti Amitanda abweze dzikolo. Sanabweze ndi phazi limodzi lomwe.

Za kuukira kwa Albert, mkulu wa mzinda wa Kraków, mu 1311 ndi 1312, akuzidutsa mothamanga, ndipo ine sindinadandaule. Pa 20 Januwale 1320 Kamkono anavekedwa chisoti m'tchalitchi chachikulu cha pa phiri la Wawel mu Kraków ndi Arkibishopu Janisław, munthu ali pafupi ndi zaka 60. Chaka chomwecho anakwatitsa mwana wake Elżbieta kwa mfumu ya Hungary, ndipo mu 1325 mwana wake wamwamuna Kazimierz anakwatira Aldona, mwana wa Gediminas, wolamulira Lithuania. Aphunzitsiwo akuti mdala ameneyu ankamanga mpanda ndi maukwati. Mawu amenewo ndawabwereka kale kawiri pokamba za anthu a m'mudzi mwathu.

Tsopano zolakwika. Usiku woyamba kawayilesi kanga kanayamba ndi chigawo chachisanu, ndiye ndinamva munthu akuvala chisoti, kenako akuthawa, kenako akubadwa. Mnyamata uja sanaike manambala kutsogolo kwa mayina a zigawo. Nditabwerera ndinapeza magetsi atazima, ndinadikira pakhonde mpaka dzuwa linandiwotcha mutu. Magetsi atayaka anakonza osandilipiritsa, anapepesanso, koma pokonzapo anafufuta nyimbo zanga ziwiri za kwaya. Chigawo chachinayi mawu ndi otsika kwambiri, ndipo pakatikati tambala akulira, njinga yamoto ikudutsa, mwana akuitana agogo ake. Tambalayo ndinamuzolowera, koma mawu otsikawo amafuna kukanikiza wayilesi kukhutu, chomwe mlonda sayenera kuchita.

Dandaulo langa lalikulu lili kwa aphunzitsi eni ake, pa chigawo chomaliza. Nkhondo ya Kamkono ndi Amitanda ku Płowce, ya pa 27 Seputembala 1331, akuifotokoza ngati wolengeza mpira timu yakwawo itagoletsa, mawu m'mwamba, mphindi zoposa khumi. Kenako m'chiganizo chimodzi chokha, ngati akumeza mankhwala owawa, akunena kuti mu 1332 Amitanda analanda Kujawy, ndi Brześć yemwe. Ndinabweza katatu kuti ndimve bwino. Ndiye kuti munthu amene anasonkhanitsa zidutswa za Poland anamwalira pa 2 Malichi 1333 ali ndi chisoti kumutu, koma kachigawo komwe bambo ake anamusiyira kali m'manja mwa alendo. Kwa ine nkhani yonse yagona pamenepo. Amene tinasamukapo kwathu chifukwa cha madzi, mu 2015 kapena pa namondwe wa Freddy, tikanamvetsa bwino lomwe akanatipatsa theka la ola pa zimenezi. Aphunzitsi anamukonda Kamkono mopitirira, ndiye anamuchitira manyazi.

Ndalama yanga sinapite pachabe, ndipo anzanga awiri a ulonda abenetsa kale. Mukapita, nenani kuti manambala aike muli pomwepo, mumve kaye chigawo chachinayi pa sipika yawo, ndipo nyimbo zanu muzisunge pa memori ina. Ndinafunsa za mwana wake uja, Kazimierz, amene analamulira mpaka 1370. Mnyamata anati aphunzitsi ali kalikiliki kusosa m'munda, ajambula mvula ikatha. Kenako anandifunsa ngati ndikufunanso za mfumu ina yaifupi. Ndinamuuza kuti abweze kaye nyimbo zanga ziwiri zija.