Sikelo ya ana ya kumudzi: chithandizo ndi chabwino, koma amayi akusiyira panjira

Kwa zaka ziwiri ndakhala ndikupita ndi mwana wanga ku sikelo imene alangizi a zaumoyo amachititsa kamodzi pamwezi, ndipo ndikuchitira umboni kuti chithandizo chake ndi chofunika. Mwanayu analandira katemera pa masabata 6, 10 ndi 14, komanso wa chikuku pa miyezi 9. Amalandiranso vitamini A miyezi 6 iliyonse, ndipo amamuyeza mkono ndi kathepi kamene kakasonyeza pansi pa masentimita 11.5 ndiye kuti mwana wanyentchera kwambiri. Chimene ndimayamikira koposa ndi kuyandikira kwa sikeloyi, chifukwa mayi wobereka mwana kumbuyo sangapirire mtunda wautali mwezi ndi mwezi.

Komabe amayi ambiri amene tinkakhala nawo pamzere ana ali akhanda sindiwaonanso. Atangobayitsa katemera wa miyezi 9 anaganiza kuti sikelo yatha, pamene katemera wachiwiri wa chikuku amaperekedwa m'chaka chachiwiri cha mwana, ndipo sikelo imapitirira mpaka zaka 5. Ine sindiwaimba mlandu, pakuti palibe amene anawafotokozera bwino. Mlangizi amakoleka mwana pa sikelo, n'kulemba m'kabuku, n'kuitana wina, osanena ngati mzere wa kulemera ukukwera kapena waima. Mayi amene wasiya ntchito zake m'mamawa, n'kudikira mpaka masana, n'kubwerera osamva kanthu za mwana wake, mwezi wotsatira saona chifukwa chopitiranso. Kawiri konse tinabwezedwanso chifukwa katemera anali atatha.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi kalankhulidwe. Tsiku lina mayi wachitsikana anakalipiridwa pamaso pa tonsefe chifukwa mwana wake anatsika sikelo, ngati kuti anachita dala. Anangowerama, n'kubereka mwana wake, ndipo sanabwerenso, chonsecho mwana wakeyo ndi amene ankafunika kuonedwa pafupipafupi kuposa ana athu. Ndikudziwa kuti alangiziwo ndi ochepa ndipo anthu amakhala ambiri, koma kumuitanira mayiyo pambali sikukanatenga ngakhale mphindi zitatu.

Amayi anzanga ndikukulimbikitsani kuti muzipitabe, ndipo musachoke musanafunse tanthauzo la zimene zalembedwa m'kabuku ndi tsiku la katemera wotsatira. Ine ndikafunsa, mlangizi amandiyankha bwino ndithu.