Ophika Burns Supper ya gulu lathu la shuga ku Glasgow: haggis inali bho, cranachan ayi

Anzanga amene muli kuno ku Scotland m'magulu a odwala shuga kapena BP, ngati komiti yanu ikusaka ophika a Burns Night ikubwerayi, kakampani kamene tinaitana ife ku Southside ya Glasgow ndikapatsa nyenyezi 4 pa 5. Ndi mayi wina ndi ana ake basi, amabwera ndi vani, mapoto, mbale zonse zawo, inu kwanu nkupeza holo.

Burns Night ija ndi ya pa 25 Januwale, tsiku limene mlakatuli wa ku Scotland Robert Burns anabadwa ku Alloway mu 1759, ndipo anthu akuno sasewera nayo. Vuto kwa ife ndi loti zakudya zake ndi zomwe zija anesi amati tizidya mosamala, haggis, mbatatesi yoponda, kirimu, whisky. Kwa amene simunalawepo, haggis ndi mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa zogaya pamodzi ndi oats, anyezi, mafuta ndi tsabola, kale ankaphikira m'chifu cha nkhosacho. Munthu wokulira pa zam'mimba za mbuzi za pachiwaya sangaope ayi. Koma mchere ndi mafuta muli ambiri, pamenepo tisanamizane.

Chimene ndawakondera mayiwa nchoti sanatiphikire zakudya za kuwodi. Haggis inali yeniyeni, yotentha, tsabola wake womveka kukhosi, kungoti anachepetsa pambale, mbatatesi supuni imodzi, neeps (tanipi wachikasu uja) ndiye wambiri. Patebulo lililonse panali kakhadi kolemba magalamu a carb (gawo la chakudya limene limakweza shuga m'magazi) a mbale iliyonse, supu payokha, haggis payokha, komanso zoti muli oats kwa amene gluten imawavuta. Bambo wina wa shuga wa Type 1 pafupi nane anangoyang'ana kakhadiko, kuwerengera pafoni, kutulutsa peni yake ya insulin, basi, osafunsa munthu osachita zongoyerekeza ngati mmene timachitira kumaukwati. Haggis ya masamba inaliponso, ya nyemba, lentils ndi oats, ena a BP anasankha imeneyo ndipo sindinamve wodandaula.

Koma pamene ndinaona kuti mayiwa amadziwa ntchito ndi pa nkhani ya nthawi. Mwambowu ndi wautali eti, woimba bagpipes (zitoliro zokhala ndi thumba la mpweya) amatsogola, wophika pambuyo atanyamula haggis pathileyi, tonse kuimirira, kenako wina amailakatulira ndakatulo m'chiyankhulo cha Scots (ine ndimangomva mawu awiri atatu) nkuibaya ndi mpeni, kenako aibwezenso kukhitchini kukagawa. Tsono munthu akabaya jakisoni supu isanafike nkumadikira zonsezo, shuga amatsika tili pakati pa ndakatulo. Mayiwa anafunsiratu komiti kuti zoyankhula zitenga nthawi yaitali bwanji, nkulengeza okha kuti ofuna kubaya adikire kaye aone mbale, ndipo haggis itangobayidwa mbale zinayamba kutuluka pomwepo, tebulo lakumapeto silinadikire mpaka chakudya kuzizira.

Pa toast anabweretsa Irn-Bru (chakumwa chozizira chakuno) yopanda shuga, whisky katoti kamodzi kwa ofuna. Palibe amene anakalipiridwa, koma tonse tikudziwa kuti mowa kwa wa insulin kapena mapiritsi a shuga a gliclazide umatha kugwetsa shuga usiku uli mtulo, kuwonjezera ndi kuvina gule wakuno wa ceilidh kuja kozungulirazungulira mpaka thukuta. Ndiye pakhomo anasiya juwisi wa malalanje ndi mabisiketi, sitinawapemphe, anangoganiza okha. Agogo ena anamwadi juwisiyo atangomaliza gule wachiwiri.

Tsopano nyenyezi imodzi ija yapita pati? Pa cranachan, chotsekemera chodyera pomaliza. Yeniyeni ndi kirimu, uchi, raspberries, oats wokazinga ndi kawhisky pang'ono, iwo pofuna kutithandiza anachotsa uchi nkuika sweetener, kirimu nkulowetsa yogati, mxii, chinatuluka chamadzimadzi chowawira kumapeto kwa lilime, oats atanyowa kale. Makapu ambiri anabwerera osatha. Ine ndikanakonda yeniyeni m'kakapu kakang'ono nambala ya carb ili pambali, monga anachitira ndi haggis, nanga nzeru yomweyo anaisiya bwanji pomaliza? Supu ya cock-a-leekie, ya nkhuku ndi leeks, inakoma koma mchere unadutsa, kwa gulu limene ambiri timamwa mapiritsi a BP m'mawa uliwonse. Titawauza sanakwiye, analemba m'kabuku kawo.

Mtengo pa munthu unali wotsika poyerekeza ndi kuhotela, mbale anatsuka okha, holo anaisiya yoyera. Woimba bagpipes mupeze nokha, iwo alibe. Ndipo muwabukiretu Novembala asanathe, sabata ya pa 25 ija ophika onse amakhala atadzaza, mukamabuka nenani zoti cranachan ikhale yeniyeni ndipo mchere wa supu aziika patebulo.