Kabati yotengera mankhwala: zaka ziwiri osagona pamzere

Ndimamwa ma ARV kuyambira 2009, ndili kwathu ku Thyolo, ndipo mu 2021 anandiwonjezera kapiritsi ka BP. Ndanena zimenezi poyambirira kuti mudziwe kuti amene akulemba ndi munthu wodziwa mzere wa kuchipatala, wakumudzi ndi wa kuno ku Joni womwe. Ndimagwira ntchito zapakhomo ku Randburg, nyumba zitatu, masiku asanu pa sabata. Tsiku limene sindinapite, palibe amene amandipatsa ndalama ya tsikulo.

Kale tsiku lotenga mankhwala linkayamba 4 koloko m'mamawa. Mu Juni, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, ndinkafunda kabulangete pamwamba pa chitenje n'kukaima panja pa geti, kutsogolo kwanga kuli kale anthu makumi awiri kapena atatu. Geti likatsegulidwa cha m'ma 7, mumayamba mzere wa fayilo. Fayilo ikapezeka, mzere wa sikelo ndi BP. Kenako benchi la kwa anesi, kenako zenera la mankhwala. Ndinkatuluka 1 koloko, nthawi zina 2. Zimene anesi ankachita nane m'chipinda chawo sizinkakwana mphindi zisanu: kuyang'ana kadi, kufunsa ngati ndikutsokomola, kusaina. R300 ya tsikulo yapita, ya teksi yapitanso. Mawa lake adona kuntchito n'kumafunsa kuti kodi ukudwala chiyani chopitira kuchipatala pafupipafupi chonchi. Pabenchi paja ndinkakumananso ndi amayi a kumpingo kwathu, tonse n'kumayang'ana pansi.

Mu 2017 ndinadumpha tsiku langa chifukwa nyumba ina inali itangondilemba ntchito ndipo ndinkaopa kupempha. Ndinakhala masiku 9 osamwa mankhwala. Usiku sindinkagona, ndikuganiza za ana anga. Sindinasiye chifukwa chosadziwa kufunika kwake ayi. Ndinkadziwa bwinobwino. Chinandilepheretsa ndi mzere.

Mu 2023 anesi ena achikulire, ataona zotsatira za magazi anga, anati kachilombo sikakuonekanso ndipo BP yakhazikika, choncho angathe kundilembetsa ku CCMDD. Iyi ndi ndondomeko ya boma la South Africa imene inayamba mu 2014, ndipo pazikwangwani za m'makiliniki mumaiona yalembedwa kuti Dablapmeds. Ndi ya anthu omwa mankhwala a nthawi yaitali, a HIV, a BP, a shuga ndi ena, amene thupi lawo lakhazikika. Mankhwala anu amalongedzedwa kwina, n'kutumizidwa pamalo amene mwasankha nokha. Simulipira kalikonse. Anesiwo analemba nambala ya pasipoti yanga ndi ya foni, n'kundifunsa kuti ndizikatengera kuti: kusitolo ya mankhwala monga Clicks kapena Dis-Chem, kapena pakabati ya pabwalo la kiliniki. Ndinasankha kabati chifukwa masitolo a kufupi ndi kwathu amatsegula ine ndili kale kuntchito.

Kabatiyo ndi yachitsulo, yaitali kuposa ine, ya timakomo tambirimbiri ngati mabokosi a makalata a ku positi ofesi ya ku Limbe. Pakati pali kagalasi kodinapo ngati ka pamakina otapira ndalama. Phukusi lanu likafika, pafoni pamabwera uthenga wokhala ndi nambala yachinsinsi. Mumadina nambala ya foni yanu, kenako yachinsinsiyo, mukumva kuti "tcha", kakhomo kamodzi katseguka kokha. Tsiku loyamba kanatseguka cham'munsi pafupi ndi bondo langa, ine maso ali m'mwamba. M'katimo munali phukusi lomata bwino, dzina langa lili pakapepala. Woima kumbuyo kwanu sangadziwe kuti ndi a shuga, a BP kapena ma ARV. Ndinaika m'chikwama, kukankha kakhomo, ndipo 8 koloko inandipeza ndikutsuka mbale za adona. Ndili m'teksi tsiku limenelo ndinkangogwiragwira chikwamacho, misozi ili m'maso, poganiza masiku onse amene ndinawataya pabenchi.

Makabati otere alipo a makampani angapo. Otchuka kwambiri ndi a Pelebox, amene anawapanga ndi injiniya wa dziko lino Neo Hutiri. Iyeyo anadwala TB mu 2014 ndipo ankakhala maola ambiri pamzere kudikira mankhwala, n'chifukwa chake anaganiza zopanga kabati. Mu 2019 analandira mphoto ya Africa Prize for Engineering Innovation. Nkhaniyi nditaimva ndinamvetsa chifukwa chake chinthuchi n'chosavuta kugwiritsa ntchito. Anachiganiza ndi munthu amene benchi lija analikhalapo.

Amene anandifotokozera zonsezi ndi mwana wa achimwene anga, ndipo popanda iye bwenzi ndikungoti boma latichitira chifundo basi. Mwanayu anayamba ngati mlangizi wa zaumoyo ku Thyolo, wa njinga yakapalasa ndi yunifomu yabuluu. Ntchito yake ina inali yolondola anthu amene asiya kubwera kudzatenga mankhwala. Ankakwera mapiri a m'minda ya tiyi, kukapeza munthu ali pakhonde, n'kumufunsa chimene chavuta. Akuti mayankho ankangobwerezabwereza: ndalama ya kabaza, kuopa kapitawo wa kuesiteti, mlatho wakokoloka, manyazi. Anayamba kuwalemba m'kope lake, wina aliyense osamutuma. Kopelo ndi limene linamupezetsa ntchito yolemba mayankho a odwala pa kafukufuku wina ku Blantyre. Anaphunzira ku College of Medicine, imene tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, ndipo pano ali kuno, ku sukulu ya zaumoyo wa anthu ya yunivesite ya Wits ku Parktown. Loweruka amabwera kwa ine kudzadya nsima ya ufa woyera ndi usipa umene amabasi amatibweretsera.

Tsiku lina anandiperekeza kukabati, foni ili m'manja, akuwerenga nthawi. Sizinakwane mphindi imodzi. Ine ndinati, "Mwanawe, koma Mulungu ndi wabwino, taona mwayi wake." Iye anati, "Mulungu ndi wabwinodi azakhali, koma izi sizinagwe kumwamba. Anthu anawerenga kaye. Madokotala ambiri ankakana, ankati munthu mukamusiya osamuona mwezi ndi mwezi asiya kumwa. Ndiye panafunika umboni."

Umboniwo anandiyalira tili pamphasa. Ku Khayelitsha, ku Cape Town, a bungwe la madokotala la MSF anayambitsa mu 2007 timagulu ta anthu okhazikika pamankhwala, tokumana mwachidule n'kulandira mapaketi awo osadutsa mizere yonse ija. Ku Tete, komwe timadutsa pabasi popita kumudzi, mu 2008 anayesa zoti anthu oyandikana nyumba azisinthana, mmodzi kupita kukatengera anzake. Kenako kunabwera kafukufuku wotchedwa INTERVAL, amene anachitikira m'zipatala 30 za ku Malawi ndi ku Zambia kuyambira 2017, pa anthu pafupifupi 9,000. Zipatala zina zinkapereka mankhwala monga mwa nthawi zonse, zina a miyezi itatu, zina a miyezi isanu ndi umodzi. Chaka chitatha anawerenga amene adakali pachithandizo. Mwa olandira a miyezi isanu ndi umodzi, anali opitirira 90 pa 100 alionse. Mwa olandira mwa nthawi zonse, anali cha m'ma 82. Zotsatirazi zinatuluka mu 2021. Amene ankabwera kawirikawiri ndi amene ankatayika kwambiri. Mwanayu atanena zimenezi ndinakumbukira masiku 9 anga aja, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamuuza. Sanandidzudzule. Anangoti, "Azakhali, anthu ngati inu ndinawalemba ambiri m'kope muja."

Ngakhale piritsi limene lili m'phukusimo lili ndi mbiri yake konkuno. Mu 2020 anandisinthira ku piritsi la ma ARV lotchedwa TLD, limodzi patsiku, ndipo maloto oipa ndi chizungulire cha mankhwala akale zinatha. Koma ndinanenepa, masiketi onse anakana. Ndinkaganiza kuti ndi buledi wa kuno. Mwanayu anandiuza za kafukufuku wa ADVANCE, amene anatsogolera Pulofesa Francois Venter m'kati mwa Johannesburg momwemu, pa anthu opitirira 1,000. Zotsatira zake za 2019 zinaonetsa kuti mankhwala a dolutegravir, omwe ali mu TLD, amagwira bwino ntchito, koma anthu amanenepa nawo, makamaka amayi. Chimene ndinakonda n'chakuti ofufuzawo sanabise mbali yoipayo. Anailemba, ndipo n'chifukwa chake anesi amalimbikira sikelo, shuga ndi BP.

Pamenepa ndi pomwe pali vuto loyamba la kabati. Siikuyezani. Siikufunsani kuti mwadzuka bwanji. Anesi ndimawaona pakatha miyezi isanu ndi umodzi, pokalembetsanso mankhwala, ndipo pakati ponsepo BP ikhoza kukwera inu osadziwa. Chaka chatha mutu unkandiwawa kumbuyoku sabata yathunthu, ine n'kumati ndi kutopa. Nditakayezetsa, manambala anali atakwera kwambiri moti anandiwonjezera mankhwala. Tsopano tinasonkherana ndi amayi anayi a pabwalo lathu n'kugula makina oyezera BP, timayezana Lamlungu tikaweruka kutchalitchi. Ngati mukumva zachilendo m'thupi, musadikire tsiku lolembedwa pakadi. Kulembetsa kukabati sikukuletsani kulowa m'kiliniki tsiku lililonse.

Chachiwiri ndi foni. Zonse zimadalira nambala imene munalembetsa. Ife a kuno timasintha manambala pafupipafupi, ena akugwiritsa ntchito simu ya mnzawo, ena foni imodzi ndi ya banja lonse. Yanga inabedwa parenki ya mateksi mu Novembala 2024. Uthenga unapita kwa wakubayo, ine osadziwa kuti phukusi lafika, ndipo phukusi likakhala masiku angapo osatengedwa amalibweza. Ndinabwerera pabenchi tsiku lathunthu kukakonza nambala. Kuyambira pamenepo tsiku lotengera ndimalilemba pakalendala ya kukhoma, ndipo nambala ikasintha ndimakanena sabata yomweyo. Uthengawo umabweranso m'Chingerezi. Amayi ena achikulire a ku Mangochi amene timakhala nawo amandibweretsera foni yawo kuti ndiwawerengere, kutanthauza kuti chinsinsi chawo chili m'manja mwanga. Ine sindingaulule, koma si onse ali ndi munthu womukhulupirira. Kamodzi ndinapezanso kagalasi kali bii, magetsi atazima, ndinabwerako chimanjamanja n'kupitanso mawa lake.

Chachitatu n'cholemera, ndipo si cholakwa cha kabati. Mu 2025 pamageti a makiliniki ena panaima magulu a anthu ofunsa ziphaso za dziko lino, kubweza alendo. Ndime 27 ya malamulo aakulu a South Africa imati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, siimati nzika zokha. Koma pageti palibe amene amakuwerengerani ndimeyo. Tsiku lina anandibweza ndili ndi nambala yanga yachinsinsi m'manja, kabati ndikuiona apo. Ndinabwerera mawa lake kusanache, iwo asanafike. Chifukwa cha zimenezi, m'bale wanga amene akulembetsa lero ndingamuuze kuti asankhe kusitolo ya mankhwala ngati nthawi yake ikulola. Kumeneko mumalowa ngati wogula sopo, palibe geti.

Chaka chomwecho, thandizo la ku America litaimitsidwa mu Januwale, alangizi ndi olemba manambala ambiri m'makiliniki anachotsedwa ntchito. Ena anali anzake a mwanayu. Iye amadandaula kuti anthu amenewo ndi amene ankaimba foni munthu akapanda kutenga phukusi lake. Kabati imadziwa kuti kakhomo sikanatsegulidwe, koma singakwere njinga kukakufunani.

Ndi zonsezi, sindingabwerere ku mzere mwa kufuna kwanga. Pa zaka ziwiri ndapita kukabati maulendo pafupifupi khumi, ndipo pa maulendo onsewo ntchito ndinajomba kamodzi kokha, nthawi ya foni ija. Magazi anga akadali bwino. Kwa munthu wolipidwa patsiku, wapakhomo, wa m'dimba, wonyamula simenti kumakontilakiti, ndinganene kuti mukafunse anesi ulendo wotsatira ngati mukuyenera kulembetsedwa. Tengani pasipoti kapena pepala lililonse limene munatsegulira fayilo, ndi nambala ya foni imene simuisintha.

Chimene ndikupempha ndi miyezi isanu ndi umodzi. Ine pano ndimalandira a miyezi itatu. Mchemwali wanga ku Thyolo amalandira a miyezi isanu ndi umodzi, chifukwa Malawi anayamba zimenezi mu 2019, ndipo umboni wake ndi uja unachokera m'zipatala zathu zomwe. Kwa ife oyenda n'zofunika kwambiri. Ukanyamuka ku Park Station, pokwerera mabasi ku Joni, mu Disembala, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, sudziwa kuti ubwerera liti. Maliro akhoza kukugwira, ndalama ya basi ikhoza kuchedwa, mapepala pamalire akhoza kuvuta. Chaka chino phukusi langa likufika pa 9 Disembala, basi ndi ya pa 14. Ndawerenga mapiritsi, akundifikitsa kumayambiriro a Malichi. Sabata yamawa ndikupita kwa anesi kukapempha kalata yoti ndikaonetse kuchipatala cha kumudzi ngati ndingachedwe, ndipo mwanayu wati andiperekeza, akufuna akawafunse kuti ndi angati amene sabwera kudzatenga mapaketi awo mu Januwale.