Kiliniki ya mafupa ndi majini, maganizo anga

Amene muli ndi mwana wotentha thupi mobwerezabwereza koma kachilombo osapezeka, kiliniki iyi ya rheumatology (matenda a mfundo ndi nyamakazi) yomwe amagwira limodzi ndi a majini ndikuiyamikira ndithu, ngakhale zondidandaulitsa zilipo.

Mwana wa achemwali anga amatentha thupi masiku awiri atatu, m'mimba kupweteka, bondo kutupa, kenako kuchira yekha. Kwina ankati mwina lupus, kwina nyamakazi ya ana. Apa adokotala sanathamangire kutchula matenda, anayeza magazi kufufuza ANA (ma antibody omwe amapezeka kawirikawiri pa lupus) koma sanaonetse kanthu, ndiye anati tibwere naye tsiku lomwe wadwalalo aone CRP (muyezo wa m'magazi woonetsa kutupa m'thupi), kenako ayezenso atachira. Anatifotokozera kuti pa lupus thupi limapanga ma antibody olimbana ndi mwini wake, pomwe pa matenda otentha thupi a kumtundu, omwe ankawaganizira, chitetezo chobadwa nacho chimangoyaka chokha, koma zizindikiro zimafanana zedi, mfundo kutupa, zotuluka pakhungu, chifuwa kubaya, nchifukwa chake anthu amasokoneza. Anafunsitsa kutalika kwa kudwalako poti mwa matenda a kumtunduwa, nthenda yotchedwa FMF, ya jini ya MEFV yomwe inapezeka mu 1997, imatenga tsiku 1 mpaka 3 pomwe ina yotchedwa TRAPS imatha kupitirira sabata.

Chomwe chinandigwira mtima nchakuti anaonanso kuti zala ndi zigongono za mwanayu zimapindika mopitirira, anamuyeza ndi Beighton, njira ya mapointi 9 yoyezera kupindika kwa mfundo, nkunena kuti ululu wina ukuchokera pamenepo, ndipo aziunikanso za Ehlers-Danlos (matenda a kumtundu ochititsa mfundo kupindika mopitirira), mankhwala a kutentha thupi sangathetse zimenezo. Anamutumiza ku physio. Mavuto awiri mwa mwana mmodzi ndipo lililonse analisamalira palokha.

Pa kutentha thupi kuja anamuyambitsa mankhwala a colchicine, omwe akhala akugwira ntchito pa FMF kuyambira 1972, ndipo mkodzo amauyeza pafupipafupi kuopa amyloidosis, nthenda yoti mapuloteni ena amaunjikana m'ziwalo, yomwe imawononga impso mwakachetechete.

Koma zotsatira za majini zinachedwa kwabasi, foni osaimba, ndipo pepala litabwera linali ndi mawu oti kusintha kwina kwa jini sikukudziwika tanthauzo lake, mayi ake anasowa tulo mpaka tsiku lokumana ndi adokotala. Za kutsegula m'mimba komwe colchicine amayambitsa poyamba anangotchula mothamanga, akanatilembera. Mukamapita tengani kope lolembamo masiku odwala ndi zithunzi za zotupazo, amazifunsa.