Kungokonza Mtsinje Kapena Kuuteteza ndi Pangano

Khonsolo ikafuna kubwezeretsa mtsinje wodutsa pamalo ake, ingathe kungokonza magombe, kubzala mitengo ndi udzu wa vetiva, n'kusiya malowo opanda chiletso chilichonse. Njira imeneyi ndi yachangu, koma makhansala ena akadzalowa akhoza kugulitsa malowo, nyumba n'kumangidwa pomwe panali bango.

Njira ina ndiyo kulemba pangano losamalira chilengedwe m'chikalata cha umwini wa malo, lomwe limamanga ngakhale amene adzagule mtsogolo. Pamafunika maloya, anthu oyeza malire ndiponso bungwe loyendera malowo kawirikawiri, ndipo mtengo wa malowo umatsika chifukwa cha ziletsozo. Komabe pangano ndilo lothandiza kwambiri, poti mizu ya mitengo imatenga zaka zambiri isanagwire dothi la m'gombe.